Sofa Imene Inatsala Pang'ono Kutimanitsa Nyumba

Amuna anga anthu amawatchula kuti a Tcheya, ndipo dzinali silinabwere mwangozi. Ndi wapampando wa komiti ya makolo kusukulu imene ana athu anamaliza kalekale, wapampando wa komiti yomanga mpanda wa tchalitchi, wapampando wa achitetezo a mumsewu wathu, komanso wa kabungwe kena ka anthu atatu, kamene awiri enawo anasamuka. Kuntchito ndi woyang'anira nyumba yosungiramo katundu pakampani ina yogulitsa zitsulo. Kumeneko si wapampando, koma anawapatsa mpando wozungulira.

Ine ndimachapa ndi kusita kuchipatala: mashiti, matawulo, mayunifolomu a anamwino. A Tcheya ndakhala nawo nthawi yokwanira kuti ndichitire umboni kuti ndi munthu wabwino. Samwa, samenya, malipiro amabwera nawo onse kunyumba. Kungoti amayenda ngati kumbuyo kwawo kukubwera munthu wolemba mbiri yawo.

Nyumba imene timakhala tinalowamo mwana wathu woyamba akukwawa. Inali ya lendi: zipinda zitatu, khonde lopapatiza, kabwalo kakang'ono kumbuyo kokwana chingwe choyanikapo zovala. Eni ake anali bambo wachikulire wosavuta. Atamwalira, mwana wawo anafika Loweruka lina masana, makiyi a galimoto akuzungulira pachala.

"Tagwirizana pachibale kuti nyumbayi tigulitse," anatero. "Madala ankakukondani, ndiye tati tiyambe ndi inu. Koma mvula isanayambe nkhaniyi ikhale itatha. Mukalephera, ofuna alipo."

Ine ndinaganiza zolongedza mapoto pa msinkhu wanga uno, kukayambanso kudziwana ndi aneba atsopano, kufunsa kumene amataya zinyalala. Koma a Tcheya anaseka.

"Nkhani yaing'ono imeneyo, mwana wanga. Banki ndikaiona Lolemba."

Ananena ngati banki ndi mlamu wawo.

Tinali ndi kangachepe kamene tinkasunga, kokwana gawo limene wogula amayenera kuika yekha. Zotsalazo zinkafunika ngongole. Ndipo apa ndiyenera kufotokoza za a Tcheya ndi ngongole. Chikhulupiriro chawo chachikulu, chimene ankachilengeza pamsonkhano uliwonse ngakhale mutu wake utakhala wa udzudzu, chinali chakuti iwo chibadwire sanakongolepo. "Dzina langa," ankatero atakweza chala, "silinalembedwepo pa pepala la ngongole."

Sankanama. Dzina limene linkalembedwa linali langa.

Tikafuna filiji, tinkapita tonse kusitolo yogulitsa katundu wolipira pang'onopang'ono. Iwo ankasankha, kugogoda m'mbali, kufunsa mafunso a magetsi amene wogulitsayo sankawadziwa. Ikafika nthawi yosaina, ankakumbukira kuti sanagule nyuzipepala. Ndinkawaona pawindo ataima tsidya la msewu, nkhope itabisala m'masamba a nkhani za mpira, ine ndikulemba dzina langa. Mwezi ukatha ankandipatsa ndalama mu envelopu n'kunena kuti, "Mukaone anthu anu aja." Munthu wa maudindo ngati iwo sakanaoneka pamzere wa obweza ngongole. Ine sindinkadandaula. Sitoloyo inali panjira yanga, ndipo pamzerepo ndinapezapo anzanga.

Lolemba lija anavala suti yakuda imene amavala akamalandira alendo a boma kusukulu. Ananyamula chikwama chokhala ndi makalata oyamikira, masatifiketi a maseminala, ndi chithunzi chimene anajambulitsa akudula riboni pa chipata cha tchalitchi. Ine ndinapempha kuchoka kuntchito m'mawa, ndinanyamula chiphaso changa ndi timapepala ta malipiro.

Kubanki anatilowetsa m'kachipinda ka magalasi. Woona za ngongole anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wathu wachiwiri, wa magalasi akuluakulu, wolankhula mofatsa ngati namwino wa odwala mtima.

"Bambo, mundipatse chiphaso chanu."

Anamupatsa, n'kusanjikapo mulu wa mapepala aja.

"Nanga izi ndi chiyani, bambo?"

"Umboni wa khalidwe."

Mtsikanayo anawatsegula mwaulemu, anayang'ana chithunzi cha riboni, anati, "Mpanda wokongola," n'kuwasunthira pambali. Kenako analemba nambala ya chiphaso pakompyuta. Anadikira. Analembanso.

"Bambo, kuno kulibe kanthu."

"Ndi zimene ndimanena!" a Tcheya anatembenukira kwa ine. "Mwamva, mayi? Ngakhale makina akudziwa."

"Simunakongolepo chilichonse? Foni, njinga, fizi ya ana?"

"Olo machesi."

"Ndiye vuto lake ndi limenelo," anatero mtsikanayo, n'kuvula magalasi. "Pali ofesi imene imasunga mbiri ya aliyense wokongola: anatenga liti, ankabweza bwanji, anachedwapo kapena ayi. Masitolo, mabanki, makampani a mafoni, onse amatumiza kumeneko. Ife tisanapereke ngongole yaikulu ngati ya nyumba, timayamba taona mbiri imeneyo. Inuyo kumeneko sakukudziwani."

"Sakundidziwa ine?"

"Sakunena kuti ndinu oipa, bambo. Sakunenanso kuti ndinu abwino. Angokhala chete. Malipiro anu ndi abwino, koma akuluakulu anga akandifunsa kuti munthuyu amabweza bwanji, ndikayankha chiyani?"

"Ukawauze kuti afunse aliyense mumsewu wathu."

"Mumsewu sitifunsa, bambo."

Ndinawaona a Tcheya akukonza tayi imene inali yokonzeka kale. Mtsikanayo, mwina pofuna kupepuza zinthu, anatambasulira dzanja kwa ine.

"Mayi, tione chiphaso chanu."

Analemba nambala yanga. Posakhalitsa makina osindikiza amene anali pakona anayamba kulavula mapepala, limodzi, lina, linanso. Mtsikanayo anavalanso magalasi n'kuyamba kuwerenga chamumtima, nsidze zikukwera.

"Filiji, munamaliza. Chitofu chamagetsi, munamaliza. Makina osokera. Fizi ya kukoleji, kawiri. Njinga yamoto. Mumayendetsa njinga yamoto, mayi?"

"Ndimakwera kumbuyo."

"Mayi, mbiri yotere sindiiona kawirikawiri. Simunachedwepo." Anatiyang'ana tonse awiri. "Njira ilipo. Mupemphe limodzi ngongoleyi: malipiro a bambo ndi anu tiphatikize, mbiri tigwiritse ya mayi. Zikhoza kudutsa."

Ndinayamba kupuma bwino. Koma anatembenuza pepala lomaliza n'kuima.

"Kupatula ichi. Sofa."



"Akuti simunamalize kulipira, ndipo alembapo kuti pali mkangano. Ndi zakale, ndalama yakenso ndi yochepa, koma chikadali chotsegula. Chikakhala chonchi, fomu yanu ikangofika kumtunda ibwerera tsiku lomwelo. Mukabweretse kalata ya kusitoloko yonena kuti nkhaniyi inatha."

Sofa imeneyo ndinkaidziwa bwino, chifukwa ndimaisesa pansi pake tsiku lililonse. Tinaigula nthawi imene a Tcheya anasankhidwa ku komiti ya mpanda, poti misonkhano ina inkachitikira kwathu ndipo alendo sakanakhala pa mipando ya pulasitiki. Inali yofiirira, yonona, ya anthu atatu. Tsiku lina anakhalapo anthu anayi, mmodzi wa iwo msungichuma, amene Mulungu anamudalitsa m'thupi. Pakati pa pemphero lotsegulira, mwendo wakumbuyo unathyoka, komiti yonse n'kupendekera kukhoma. Palibe anavulala. Koma mlembi anaseka, ndipo a Tcheya kuseka kumeneko sanakuiwale.

Tinali titatsala pang'ono kumaliza kulipira. Iwo analamula kuti envelopu isapitenso. Anakhala patebulo n'kulemba kalata kwa manijala wa sitolo, kenako ina, kenako ina yotchula maloya, ngakhale loya yekhayo amene ankamudziwa ankangomuona akuimba kwaya kutchalitchi basi. Pansi pa kalata iliyonse ankasaina kuti "Woimira Wogula". Asitolo ankayankha kuti katundu wawo sanapangidwire anthu anayi. A Tcheya ankayankha kuti palibe pamene analemba zimenezo. Ine ndikafunsa ankati, "Nkhaniyi ili m'manja mwanga, mayi." Kenako makalata anasiya kubwera, iwo n'kulengeza kuti asitolo agonja. Mwendo uja tinauchirikiza ndi njerwa ziwiri, n'kuphimba ndi nsalu.

Pochoka kubanki tinalunjika ku siteji ya basi. Pamenepo ndi pamene a Tcheya anati:

"Kamtsikana kaja n'katsopano. Ndilembera akuluakulu ake."

"Lembani," ndinatero.

Mawa lake pa nthawi ya nkhomaliro ndinavula epuloni, ndinatenga ndalama zanga, n'kupita ndekha kusitolo kuja. Ndinkati ndilipire mwakachetechete, a Tcheya adzangomva kuti asitolo agonjanso kachiwiri. Mayi wa pakauntala anafufuza pakompyuta, anapukusa mutu.

"Ndalama sindingalandire, mayi. Akaunti iyi inatsekedwa chifukwa cha dandaulo. Mpaka amene anadandaulayo abwere yekha adzabweze dandaulo lake pamaso pa a manijala."

"Koma dzina ndi langa."

"Dzina ndi lanu, dandaulo si lanu. Apa alemba kuti Woimira Wogula. Ndi loya wanu?"

"Ndi amuna anga."

"Pepani," anatero, ndipo sindinadziwe kuti akupepesa chiti.

Madzulo ake, tikudya, ndinawauza. Anaika supuni pansi.

"Ine ndipite kwa munthu uja? Munthu amene ananena kuti alendo anga ndi olemera mopitirira muyezo? Mayi, pali zinthu zina zimene munthu sagulitsa. Tikapeza njira ina. Mlongo wanu uja sangatisainire?"

"Mlongo wanga ali ndi ngongole zake."

"Ndiye banki ina."

"Ofesi ya mbiri ija ndi imodzi, bambo. Kulikonse akaona sofa yomweyo."

"Ndiye aione! Aone kuti pali anthu amene sapondedwa!"

Ine sindine wokangana. Kuchipatala ndinaphunzira kuti banga silichoka chifukwa cholikalipira. Ndinangosonkhanitsa mbale n'kunena kuti:

"Akaona, saona inu. Dzina limene lili pamenepo ndi langa."

Anapita kukakhala pakhonde, wailesi osayatsa.

Masiku anapita. Kalata ya kwa akuluakulu a banki anailembadi, koma ndinaipeza m'thumba la jekete pochapa, yopindidwa, yopanda sitampa. Za kusitolo sanatchulenso. M'mawa uliwonse kumwamba kunkaoneka timitambo, ine n'kumayang'ana makatoni a mankhwala amene amatayidwa kuchipatala, kuyerekeza kuti mbale zanga zingalowe angati.

Kenako Loweruka lina mwana wa eni nyumba uja anabweranso, ulendo uno ndi anthu awiri, mwamuna ndi mkazi achinyamata, onunkhira bwino.

"Musadandaule, angoona chabe," anatero. "Kungoti abale akundipanikiza."

Anaonadi. Mkaziyo analowa kukhitchini kwanga, anatsegula kabati, anatseka. Mwamunayo anatulutsa tepi yoyezera n'kupempha a Tcheya kuti amugwirire mbali inayo. A Tcheya, poti anadzidzimuka, anagwira.

"Khoma ili tigwetsa," anatero mnyamatayo, "pabalaza pakule. Khondeli titseka, pakhale galaja. Madala, kokani pang'ono. Mwakhalitsa muno?"

"Ndithu."

"Zikuoneka. Musamukira kumudzi?"

Mkazi wake anali ataima pabalaza, akuyang'ana sofa. Nsalu ija inali itasuntha, njerwa zikuonekera. Anakodola mwamuna wake n'kumunong'oneza, onse awiri n'kumwetulira mwaulemu, kumwetulira kumene anthu amasungira okalamba.

Atapita, a Tcheya anaimabe pakati pa balaza, manja kumbuyo. Anayang'ana khoma lija nthawi yaitali. Pakhoma limenelo ndi pamene pali zithunzi za ana athu atavala mikanjo ya kukoleji.

"Mayi," anatero osatembenuka, "sitolo ija Loweruka amatseka nthawi yanji?"

Sanavale suti. Anavala shati wamba ndi juzi, zimene kwa iwo ndi ngati kuyenda wopanda nsapato. Chikwama anachisiya. M'basi milomo yawo inkangogwedera, ndipo ndinadziwa kuti akukonza zokalankhula.

Sitoloyo inali itakula. Mafiliji anali atandandalika mbali imodzi, mabedi mbali ina, wailesi zakanema zonse zikuonetsa munthu mmodzi yemweyo akuwerenga nkhani. Mayi wa pakauntala atandiona, anayang'ana amene ndinali nawo, n'kudzuka yekha kukagogoda kuofesi. Manijala anali yemwe uja, kungoti tsitsi linali litathothoka ndipo mimba inali itatsogola. Anatuluka akupukuta m'manja.

"Ndi inu a Woimira Wogula?"

"Ndine."

"Bambo! Ndiye mulipo? Lowani, lowani. Mayi, lowani. Ine ndinkaganiza kuti ndinu munthu wamtali kwambiri."

Muofesimo munali tebulo, kabati yazitsulo, ndi sofa ya alendo. Anatiloza kuti tikhale. A Tcheya anayamba aigwedeza ndi dzanja, kenako anakhala m'mphepete.

"Imeneyo ndi yolimba, musaope," anatero manijala. "Makalata anu aja, bambo, tinkawerengera antchito onse Lolemba m'mawa. Munali mawu ena oti ine ndinkachita kukafunsa kwa mphunzitsi. Kuti sitolo yathu ndi 'chipsinjo pa msana wa anthu olemekezeka'. Mpaka lero katundu akabwera wosalimba, anyamata amati kwabwera chipsinjo."

Ndinaona khosi la a Tcheya likufufuma. Ndinaika dzanja pa bondo langa, osati lawo, chifukwa sakonda kugwiridwa pagulu. Anatsokomola.

"A manijala, ndabwera pano lero, choyamba, monga munthu wokhulupirira kuti m'dera lililonse mtendere umayamba ndi atsogoleri. Chachiwiri, poganizira mbiri ya ubale wa pakati pa banja langa ndi sitolo ino, umene kwa zaka zambiri..."

Anaima. Manijala ankadikira chachitatu, ine ndinkadikiranso. Koma a Tcheya anayang'ana pansi, pa nsapato zawo, ndipo atayambanso mawu anali ena, a munthu amene ndimamumva kunyumba yekha akadwala malungo.

"Ayi, ndisataye nthawi yanu. Tikufuna kugula nyumba imene tikukhala. Banki yakana chifukwa cha sofa ija. Amene anakana kulipira ndine. Amene analemba makalata ndine. Koma dzina limene ladetsedwa ndi la mayi awa, amene sanakuchedwetserenipo ngakhale kamodzi. Ndabwera kudzabweza mawu anga, ndilipire, muwayeretsere dzina. Ngati pali potukwanidwa, mutukwane ine."

Ine ndinayang'ana kabati yazitsulo ija mwachidwi chachikulu, ngati sindinaonepo kabati.

Manijala anakanda pamene panali tsitsi kale.

"Mayiwa ndimawadziwa, bambo. Amabwera pamzere dzuwa likuswa mtengo, yunifolomu ili m'thupi. Inu ndi amene sindinakuoneni." Anatsegula kabati n'kuyamba kufufuza. "Ndikuuzeni zoona, poti mwabwera nokha. Sofa za mtundu umene uja zinathyoka zambiri. Miyendo yake inali ya matabwa osauma. Tinasiya kuitanitsa."

A Tcheya anadzutsa mutu. Ndinaona chala chija chikuyamba kukwera.

"Ndiye kuti ine ndinali..."

"Pa mwendo munkanena zoona. Pa kusiya kulipira munalakwa. Mukanabwera nayo, tikanakusinthirani mwendo tsiku lomwelo, ulere. Onse amene anabwera tinawasinthira. Koma inu munatchula maloya, ndiye akuluakulu kulikulu anati tisakuyankheninso, tidikire maloyawo. Tadikira mpaka lero."

Chala chinatsika.

Manijala anawapatsa pepala loti alembe kuti akubweza dandaulo. A Tcheya anafunsa ngati angalembe mawu oyamba ofotokoza chiyambi cha nkhani. Manijala anati mzere umodzi ukwana. Analemba mzere umodzi, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi kalata yaifupi kwambiri imene dzanja lawo linalembapo. Za chiwongoladzanja cha zaka zonsezo manijala anati achotsa, poti mwendo unalidi wolakwika. Tilipire zimene zinatsala basi.

"Kolipirira ndi pakauntala," anatero. "Mayi akudziwa."

Ndinadzuka, koma a Tcheya anandiletsa.

"Khalani, mayi."

Pakauntala panali mzere. Ndinawaona kudzera pachitseko ataima pakati pa mnyamata wa chipewa chotembenuza ndi mayi wobereka mwana, ndalama zili m'manja, maso ali kudenga. Ndiye mwatsoka, kapena mwamwayi, munalowa mlembi wa komiti ya mpanda, yemwe uja anaseka, akufuna ketulo.

"A Tcheya! Inu pamzere uwu?"

"Ndikulipira ngongole," anatero a Tcheya mokweza, moti mwana woberekedwa uja anadzuka. "Pali funso?"

Mlembi anangolunjika kumene kunali maketulo.

Manijala anasaina kalata, anadinda chidindo, n'kunena kuti uthenga atumiza yekha ku ofesi ya mbiri ija, koma tisayembekezere kuti zisintha mawa. Potiperekeza pakhomo anafunsa ngati sofayo ikadalipo. Nditati ilipo, analowa kumbuyo n'kubwera ndi miyendo inayi yatsopano m'jumbo.

"Iyi ndi youma. Koma anthu atatu, bambo. Atatu."

Kalatayo tinakapereka kubanki. Mtsikana wa magalasi anaiwerenga, anaijambula, n'kunena kuti tidikire. Kudikirako kunali kowawa. Mbiri inachedwa kusintha. Anabwera munthu wa banki kudzayeza nyumba n'kulemba mng'alu uliwonse. Anafunanso kalata ya kuntchito kwanga, abwana anga ali patchuthi. Mwana wa eni nyumba ankaimba foni pafupipafupi. Tsiku lina ndili kubanki ndinamumva mtsikana uja akumuyankha yekha pa foni yanga, mofatsa momwe muja: "Achimwene, fomu ili kumtunda ndipo ndikuitsatira ndekha. Anthuwa musawagulitsire nyumba ali m'kati." Sindikudziwa ngati zimenezo zili pa ntchito yake. Sindinamufunse.

Yankho linabwera ndili kuntchito, ndikupinda mashiti. Abanki anavomera. Chiwongoladzanja anakweza pang'ono kuposa chimene tinkayembekezera, chifukwa mmodzi wa ife anali wosadziwika, ndipo zaka zobwezera anachepetsa chifukwa cha msinkhu wathu. Ndinakhala pa mulu wa matawulo, mnzanga wa pa makina ochapira n'kundifunsa ngati kwagwa maliro. Ndinati ayi, ndagula nyumba. Anati ndiye ukulira chiyani, chitsiru iwe, n'kuyamba kulira nayenso.

Tsiku losaina, suti yakuda inatulukanso. Mapepala anali ambiri, ndipo pa lililonse panali mizere iwiri. Mtsikanayo analoza wapamwamba.

"Wopempha woyamba, mayi, apa. Wachiwiri, bambo, apa."

A Tcheya anayang'ana mzere wawo, wapansi. Anatulutsa cholembera chawo chabwino chija, chimene salola munthu kuchigwira, anachitsegula, n'kundipatsa.

"Yambani, mayi. Musathamange, inki yake imachedwa kuuma."

Titamaliza anaimirira, anamanga batani la jekete, n'kuthokoza mtsikanayo m'malo mwa banja lonse, mwachidule ndithu, mwina mphindi zochepa chabe kuposa zofunika. Anamuuza kuti makolo ake anamulera bwino ndipo ngati angafune kalata yomuchitira umboni asazengereze. Mtsikanayo anati akumbukira.

Mvula yoyamba inatipeza m'nyumba yathu. Inagwa masana Lamulungu, yamphamvu, ya fungo la fumbi. Tinali pabalaza tikumwa tiyi pamene ndinamva kadontho kakugwa m'kholido, kenako kena. Madzi ankalowa pafupi ndi chitseko cha kuchipinda, pamene sipanadonthepo chiyambire.

A Tcheya anapita kukaona, anayang'ana kudenga, nkhope n'kuuma. Anatulutsa foni.

"Zimenezi ndiye ayi. Munthu sungamalipire mwezi ndi mwezi n'kumagona m'madzi. Ndiwauza eni nyumba abwere aone okha."

Anafufuza nambala, anaika foni kukhutu. Ine ndinangomwa tiyi wanga. Ndinawaona akuitsitsa pang'onopang'ono isanayambe n'kuitana komwe.

Anaima kanthawi, madzi akudontha pafupi ndi phazi lawo. Kenako anabwera pakhomo la balaza, anaika manja kumbuyo.

"Mayi, ndabwera kudzadandaula. Denga lanu likudontha."

"Ndamva, bambo. Beseni lili kukhitchini. Mvula ikakata mukabwereke makwerero kwa aneba."

Anapita kukatenga beseni.